Nsalu Yoyera pa Mahandulo

Ntchito ya kabaza ndinaipeza chifukwa cha manja anga, osati miyendo. Anali masiku aja matipate atangokhazikika, aliyense akuthamangira geni ku Chipata, ine ndili phee kwathu ku Chiosya ndikudya za makolo. Tsiku lina pa msika wa ku Ludzi ndinathandiza mayi Nabanda kukweza belo la kaunjika pa ngolo. Mayiwa anali ndi njinga zitatu zimene anyamata ankapalasa kabaza, ndipo mnyamata mmodzi anali atangomuchotsa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkunena kuti, "Tandionetsa manja akowo." Anawatembenuza, nkuwanunkhiza ngati akugula nsomba, kenako anandiuza kuti ndibwere mawa lake.

Amene simunapalasepo kabaza mumayesa kuti ntchitoyi ndi mphamvu basi. Njinga ya kabaza ili ndi mahandulo awiri: akutsogolo owongolera, ndi ena ang'onoang'ono owotcherera kuseri kwa chishalo, amene wokwera amagwira akakhala pa khushoni. Ang'onoang'onowo ndiwo amadyetsa munthu. Pa tsiku limodzi amagwidwa ndi mayi wogulitsa usipa, tenanti amene wachoka kosoka fodya m'chigafa, bambo wothodwa ndi kachasu, kenako mphunzitsi wovala bulauzi yosita. Munthu akatsika nkumva chikhatho chake chikununkha sakuuza kanthu, umangoona mawa lake wakwera ya mnzako.

Timapulasitiki ta m'sitolo tovekera mahandulo sitinkachedwa kung'ambika, choncho tinkakulunga tokha. Mayi Nabanda anandiphunzitsa atakhala pa mpando pakhonde, ine nditagwada pansi. Poyamba umapala chitsulo ndi sandipepa kuti dzimbiri lichoke. Kenako umadula mzere wa mphira ku chubu chakale, nkuukulunga molimba. Pamwamba pake umakulunga mzere wa chitenje chokhuthala, kuyambira kunsonga kupita mkati, mpindo uliwonse ukuphimba theka la unzake, nkumanga kumapeto ndi ulusi wa m'thumba la feteleza. Loweruka lililonse umamasula nsaluyo, kuichapa ndi sopo, kuitsukuluza kawiri, nkuiyanika padzuwa mpaka iume gwaa. Ukaikulunga ili yonyowa, pofika Lachiwiri imanunkha ngati galu wovumbwa. Fungo la nsomba limamvera ndimu. Thukuta limamvera phulusa lonyika m'madzi. Utomoni wa fodya ndiwo wamakani, umafuna kadontho ka palafini, koma uonetsetse kuti asakhudze mphira chifukwa amaifewetsa.

M'mawa uliwonse ndisanatuluke pageti, mayiwo ankawerama nkununkhiza mahandulo onse awiri. Ankakonda kunena kuti, "Mabuleki akalira wokwera amakhululuka, koma fungo amapita nalo kunyumba." Ndinkawaseka mumtima, koma ndinkatsatira, ndipo zinandiyendera. Pa siteji ya ku Ludzi njinga yanga ndiyo inkasankhidwa ndi anthu audongo. Mayi Mwale, aphunzitsi a ku pulayimale, ankandidikira ngakhale anzanga asanu ali chilili. Ndinayamba kudzimva kuti nanenso ndine munthu, mpaka ndinayamba kulankhula zokwatira.

Tsiku loipalo linali la m'nyengo ya dzinja, mvula itagwa masiku atatu osakata. Cha m'ma teni koloko m'mawa kunabwera mayi wina akuthamanga, miyendo ili matope okhaokha. Anati amuna ake, a Makhuva, tenanti wochokera ku Phalombe, adwala mpaka atheratu ku esiteti ina cha kumadzulo, ndipo galimoto ya pa esitetipo inali itapita ku Lilongwe. Tonse tinadziwa kuti anali matenda owondetsa aja amene sitinkawatchula dzina. Anzanga anayamba kupopa matayala opopa kale. Ine mayiyo anandigwira malaya nkunena kuti, "Achimwene, ndilibe m'bale kuno." Ndinalephera kumuchotsa dzanja.

Titafika ku esiteti kuja, a Makhuva tinawakweza pa khushoni ngati mwana, nkuwamangirira m'chiuno mwanga ndi chitenje cha akazi awo. Manja awo ndinawaika ndekha pa mahandulo ang'ono aja. Ndinanyamuka kulowera ku chipatala cha mishoni, mayi aja akutsatira wapansi. Msewu unali woterera, matope akutseka m'madigadi, ndipo sindikanatha kutsika nkukankha chifukwa munthu anali womangidwa kwa ine. Titafika pa dambo anayamba kutsokomola, kenako anasanza. Ndinamva kufunda kumsana. Masanzi ena anatsikira m'manja mwawo ndi pa nsalu ya mahandulo. Atapuma pang'ono anayankhula motsitsa, pakamwa pali pafupi ndi khutu langa.

"Pepani achimwene, ndakuipitsirani njinga."

Ndinawayankha kuti asadandaule, imachapika. Titadutsa chitunda ndinamva kuti alemera mwa mtundu wina, mutu wawo ukugunda msana wanga pa bampu iliyonse. Ndinapitiriza kupalasa ndikuwayankhula, chifukwa ndinkaopa kutembenuka. Pa geti la chipatala namwino anangowagwira pakhosi nkupukusa mutu. Zala zawo zinali zitakola m'nsalu ija, ndipo ine ndi mlonda tinazimasula chimodzichimodzi.

Nditafika kunyumba ndinachita zonse zimene ndinaphunzitsidwa, nkuwonjezera. Nsalu ndi mphira yakale ndinaponya m'chimbudzi. Chitsulo ndinachitsuka ndi madzi otentha a sopo, ndinachikwecha ndi phulusa, ndinachipaka ndimu, ndinachipala ndi sandipepa mpaka chinawala. Khushoni ndinasintha chikuto. Apa ndi pamene ndinapusa. Ndinkafuna kuti aliyense aone ndi maso ake kuti njinga yayera, ndiye m'malo mwa chitenje chamaluwa ndinakagula nsalu yoyera ku golosale, nkuikulunga mwaluso kuposa kale lonse. Ndinagona ndikudziyamikira nzeru.

M'mawa mwake ndinafika pa siteji. Anzanga anayang'ana mahandulo, nkuyang'anana. Kenako mmodzi anafunsa mokweza kuti, "Aise Levisoni, kodi nsanda inatsalako?" Onse anafa nacho chiseko. Ndinakulira m'mudzi momwemu, ndikudziwa bwino kuti nsalu yoyera yotere timakulungira maliro, koma tsiku limenelo mutu wanga unangoganiza za ukhondo. Dzuwa lisanafike pamutu nkhani inali itazungulira msika wonse, kuti namfedwa analibe cholipira ndiye anandipatsa chidutswa cha nsanda ya mwamuna wake.

Mayi Mwale anabwera nthawi yawo yamasiku onse. Anaima patali pang'ono, ataphimba mphuno ndi nsonga ya chitenje, chonsecho mahandulowo sanawagwire nkomwe. "Levisoni, usandimve molakwika," anatero, "ndili ndi mwana woyamwa." Anakwera ya mnzanga amene mahandulo ake ankanunkha usipa wa mlungu wathunthu. Zinandiwawa kuposa chiseko chija.

Nsalu yoyerayo ndinaimasula tsiku lomwelo nkukulunga yofiira. Anthu anati ndangobisa. Ndinachapa Lolemba, ndinachapanso Lachitatu, manja anga mpaka anasupuka ndi ndimu, koma azimayi akamadutsa ankatembenuza nkhope kuti njingayo ikumveka imfa. Kwa milungu iwiri okwera anga anali alendo otsika basi amene sankadziwa kanthu, ndi anthu obwera mwakachetechete kudzapempha kuti ndikawanyamulire wodwala amene ena amukana. Ndinkaweruka nditatopa ndi kuima.

Loweruka lachiwiri mayi Nabanda anawerama pa mahandulo aja nthawi yaitali kuposa masiku onse. Ataweramuka sanandikalipire, ndipo bola akanakalipa.

"Mwana wanga, pano palibe fungo, ndi ndimu yekhayekha. Koma mphuno za anthu a pa Ludzi sindingazichape."

Anati njingayo aitumiza ku Chipata, kumene palibe akuidziwa, akaigulitse. Ndinapempha kuti andipatseko ina mwa ziwiri zotsalazo. Anayang'ana pansi nkunena kuti ndikakwera ina, nkhaniyo ikwera nane limodzi. Ndinatuluka pageti wapansi, manja ali lendelende, ndipo ndinalira ndikuyenda masana, anthu akuona.

Zokwatira zija zinathera pomwepo. Chaka chimenecho ntchito imene ndinaipeza inali ya utenanti, pa esiteti yomwe ija, chifukwa panali patatsala malo a munthu mmodzi. Anandipatsa munda ndi kanyumba kamene ankagona a Makhuva. Ndinakhalamo zaka zisanu ndi chimodzi, manja ali bii ndi utomoni wa fodya umene kale ndinkauchotsa pa mahandulo.

Lero anyamata a kabaza akandifunsa, ndimawauza zimene ndikudziwa: muzimasula nsalu mlungu uliwonse, muziiumitsa musanaikulunge, palafini asakhudze mphira, ndipo yoyera musayerekeze. Ndimawauzanso kuti sopo, phulusa ndi ndimu zimachotsa chilichonse chimene dzanja lasiya, koma chimene pakamwa pa anthu paika sichimva sopo. Akandifunsa ngati ndikanawanyamulanso a Makhuva, ndimachedwa kuyankha, ndipo kuchedwako kumandichititsa manyazi. Pa anthu onse a nkhani ya njinga ija, amene anandipepesa ndi a Makhuva okha, ndipo ndinawauza kuti imachapika.