Nzimbe za Vince

Noelene Camilleri anakulira m'munda wa nzimbe kufupi ndi tauni ya Mackay, koma khasu silinamukonde. Munda unatsala ndi mlongo wake Vince, Noelene n'kulowa ntchito pa kakampani kolemba pulogalamu yoyendetsa mapampu othirira. Anakhalapo zaka makumi awiri.

Pulogalamuyo inali ndi nthambi ziwiri: yakale, ya alimi okakamira makina awo akalekale, ndi yatsopano. Chikalakwika chinthu, Noelene ankakonza ku nthambi imodzi n'kukopera chokonzacho ku inayo. Anazolowera choncho, ndipo panalibe amene ankamufunsa.

Chilimwe china anapeza kuti magetsi akathima n'kuyakanso, pampu siinkadzukanso yokha. Anakonza, nakopera monga mwa nthawi zonse. Patapita sabata, mnzake wa pantchito, Hamish Tran, anaphatikiza nthambi ziwirizo. Kompyuta inapeza chokonza chomwecho kawiri, mizere itasiyana pang'ono, ndipo inafunsa choti isunge. Hamish anasankha molakwika. Nthambi yatsopano inabwerera ku chilema chake.

Vince anali atagula makina atsopano chifukwa Noelene ndiye anamuumiriza. Atabwerako ku ukwati ku Brisbane anapeza pampu ili zii, nzimbe zanthete zitapsa ndi dzuwa masiku asanu ndi anayi.

"Achemwali, paja munati makinawa ndi anzeru kuposa ine," anatero Vince pafoni. "Bwerani mudzaone nzeru zakezo."

Noelene anapita. Masamba ankathetheka m'manja ngati pepala.

M'mawa mwake kuntchito Noelene anamupeza Hamish atazyolika pa desiki.

"Ndine ndaphetsa nzimbezi," anatero Hamish. "Koma mayi, zokoperazi zitimaliza. Chinthu chimodzi chikumaoneka ngati ziwiri."

"Ndiye ukundiphunzitsa ntchito iweyo?"

"Ayi. Ndingoti tizikonza kamodzi, pomwe nthambi zinasiyanirana, kenako tiziphatikiza konseko."

Noelene anafuna kukalipa. Koma njirayo ankaidziwa kalekale. Ankangoiona yochedwetsa.

Anaikhazikitsa yekha sabata yomweyo, ndipo chilemacho sichinabwerenso. Kwa abwana ananena kuti cholakwa chinali chake, za Hamish sanatchule.

Vince anagaula mundawo n'kubzalanso. Lamlungu lililonse iye ndi Noelene amadyerabe limodzi, amaseka za mpira, amakangana za mvula. Koma ikakwana folo koloko Vince amadzuka, kuvala chipewa, n'kupita kukayatsa pampu ndi dzanja. Noelene amatsala patebulo akusonkhanitsa mbale, ndipo sanamuuzepo kuti asavutike.