A Orval Saimirira Nyimbo ya Fuko

Kumalo odyera a Darlene anthu akuti a Orval Pospisil anadana nayo mbendera. Akuti Lachisanu kubwalo la mpira la sekondale, nyimbo ya fuko ikayamba, anthu onse njo, zipewa pachifuwa, koma iwo phee pabenchi ngati akudikira basi. Ena akuwonjezera kuti amabwera atalawa. Bodza. Ine sukulu ndinaithawa msanga, koma a Orval ndimawadziwa. Tinkakweza limodzi ng'ombe m'malole kuno ku Nebraska mpaka manja awo atayamba kunjenjemera.

Ndi matenda a Parkinson. Kunjenjemerako n'kochepa. Choipa n'chakuti akaimirira magazi amathawira kumiyendo, m'maso mumada bii, chimunthu chonse chija khu pansi. Adokotala anawauza kuti azimwa madzi asanadzuke, azithira mchere wambiri, akweze bedi kumutu, azivalanso masokosi othina ofika m'ntchafu.

"Madala, miyendo imeneyi mukanaionetsa kale bwenzi mutakwatiranso," ndinatero tsiku lina ndikuwaveka masokosiwo.

"Koka, chitsiru iwe. Ng'ombe zinkakuposa ulemu."

Mdzukulu wawo Tessa, amene anamulera okha, atasankhidwa kuti aziimba nyimbo ya fuko mpira usanayambe, a Orval anakonzeka ngati akupita kunkhondo. Madzi anamwa, nkhaka zamchere anatafuna, ndipo anadzuka pang'onopang'ono atagwira phewa langa. Adokotala anali atanena kuti akaima azipingasa miyendo, azipondaponda. Koma ndani amavinavina nyimbo ya fuko ili mkati? Anandisiya phewa, dzanja pamtima, n'kuima chilili ngati msilikali.

Mwana uja asanafike n'pakati pomwe, ndinangomva benchi kulira. A Orval anali gada, chipumi chikutuluka magazi. Tessa anataya maikolofoni n'kuthamanga akulira, nyimbo n'kuthera pomwepo. Pokumbukira anthu anasunga kugwako, chifukwa chake ayi.

Tayesa zonse. Mapiritsi okweza magazi amawathandiza akaima, koma akagona magaziwo amakwera mopitirira. Mchere wawatupitsa mapazi. Nthabwala zanga nazo zayamba kundithera, chifukwa munthu amene ankagwetsa nkhunzi ndi manja pano amachita kukambirana ndi mpando asanausiye. Tessa akuimbabe Lachisanu, koma maso ake sakhala pambendera, amakhala pabenchi ya agogo ake.

Dzulo ndinalephera kupirira, ndinawauza.

"Madala, kwa Darlene akuti mbendera munaida. Bwanji tiyesenso? Ndikugwirani lamba kumbuyo, palibe aone."

Anandiyang'ana, kapu ya madzi ili m'manja.

"Ndikaima ndigwa, ndikagwa mwana asiya kuimba. Ndikhala pansi mpaka amalize. Mbendera ili ndi mtengo woigwira, ine ndilibe. Ukawauze choncho."