Shelo ya Mkamwini ndi Nyimbo Zinayi Zosaimbidwa

Pulogalamu yosindikizira nyimbo za kwaya m'malembo a do-re-mi ndinailemba ndekha ndidakali pa ntchito, pa makina a Unix. Makinawo atafa ndi ukalamba, mwana wanga wamkazi anandigulira laputopu ya Windows. Ndinathokoza, koma Windows sadziwa malamulo amene zala zanga zinazolowera, ndipo popanda malamulowo pulogalamu yanga simangika kuti iyende pa kompyuta. Pankafunika kuikamo shelo, ndiko kuti kazenera kakuda kolembapo malamulo a Unix, pamodzi ndi zida zake zomangira.

Mashelo otere alipo angapo, ndipo kusankhako nkumene kunandigwetsa. Mwanayo ndi mwamuna wake, onse odziwa makompyuta, anabwera kudzacheza kwathu ku Nabvutika mu Chipata. Mwana wanga anati nditenge shelo yotulutsa pulogalamu yoima payokha, yotha kuyenda pa Windows iliyonse. Mkamwini anayamikira ina, nati ndiyo yofanana kwambiri ndi Unix amene ndinakalamba naye. Uwu unali uphungu wake woyamba chilowere m'banja mwathu, ndipo anaupereka atanjuta, chipewa chili m'manja. Ndikanaukana bwanji pamaso pa mkazi wake? Ndinatsata za mkamwini osafunsa kanthu. Mwana wanga anangoti, "Chabwino, Atate," ndi liwu lomwe amayi ake amandiyankhira ndikalakwa.

Pa laputopu yanga pulogalamu inamangika bwino lomwe. Amayi otsogolera kwaya ina ku Kasenengwa anali ataipempha kuti asindikize nyimbo zisanu ndi ziwiri za msonkhano wa makwaya Lamulungu, ndiponso kuti ikhale konko. Ndinaiika m'fulashi, laputopu nkuisiya, ndipo Lachisanu ndinakwera galimoto yodzaza matumba a mtedza.

Pa kompyuta ya mu ofesi ya mpingo inakana kutseguka. Inafuna fayilo imene sindinaimvepo. Ndinaimbira mwana wanga, ndipo anandifotokozera modekha, kudekha kopweteka kuposa chitonzo, kuti pulogalamu yomangidwa ndi shelo imeneyo ili ngati khanda: siyenda ulendo popanda fayilo yoiyamwitsa. Fayiloyo inatsala ku Chipata, ndipo netiweki ya ku Kasenengwa inali yongokwanira moni. Zonsezi zinalembedwa poyera m'malangizo a sheloyo. Ine ndiye sindinawerenge. Manyazi adapha lambe, ndipo ine anandipha ndi maso openya.

Amayi aja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Aphunzitsi, ulendo wonsewu mwatibweretsera fumbi lokha?"

Ndinapempha cholembera ndi rula. Ndinalemba pamanja mawu onse anayi, kuyambira sopulano mpaka besi, kadontho ndi kadontho, monga anatiphunzitsira ku sukulu ya mishoni. Pofika Loweruka madzulo ndinali nditamaliza nyimbo zitatu zokha, ndipo amayiwo anathamanga nazo ku fotokope.

Kwaya inaimba zitatuzo nkukhala pansi, makwaya ena akupitirira. Nditabwerera kwathu ndinachotsa shelo ija nkuikamo imene ananena mwana wanga. Mkamwini sindinamuuze kufikira lero.