Nthambi Imene Ndinadumpha

Ndinabwerako ku koleji Lachiwiri lina m'mwezi wa Meyi, nditanyamula sutikesi, ndowa ndi matilesi. Kondakitala wa minibasi anamangirira matilesiwo kumbuyo ndi chingwe cha mphira, ndipo titafika pa Njuli anawaponya m'fumbi ndi ulemu wonse woyenera munthu wophunzira. Kunyumba ndinanena kuti tatsekera, ndi holide. Zoona zake n'zakuti anali atandichotsa. Ndinalephera mayeso kawiri, ndipo kachiwiriko ndinalephera mwaluso moti aphunzitsi anaona kuti palibenso chimene angandionjezere. Kumeneko amati kuwididwa, ndiye kuti akuzula monga tizulira chisoso m'munda wa chimanga.

Holide imeneyo inatenga miyezi isanu ndi iwiri. Sindikhulupirira kuti m'boma lonse la Chiradzulu alipo wina amene anapumapo chotere.

Amayi sankafunsa kanthu. Ababa anafunsa kamodzi kokha, tikusenda mbatata pakhonde.

“Mutsegulira liti, a Pulofesa?”

“Adzalengeza pa wailesi,” ndinatero.

Kuyambira tsiku limenelo, nkhani zikangoyamba ankakweza wailesi mpaka kumapeto, n'kundiyang'ana. Tinkamvera limodzi za mitengo ya fodya, za mpira, za nyengo, zikatha n'kutseka. Ine ndinkagwedeza mutu ngati munthu wokhumudwa ndi kuchedwa kwa boma.

Ababa analondera nkhalango ya m'phiri la Chiradzulu zaka zambiri. Atapuma pa ntchito, anayamba kutsogolera anthu a m'tauni okonda kukwera mapiri. Anthuwa ankabwera Loweruka pa minibasi yam'mawa yochokera ku Limbe, kutsika pa Njuli, kenako kabaza mpaka m'tsinde mwa phiri. Ankavala nsapato zolemera, aliyense botolo la madzi kumsana ndi ndodo ziwiri m'manja ngati akuchokera kuchipatala cha mafupa. Amayi sanawamvetse mpaka lero. “Munthu wamkuluwamkulu kukwera phiri lonse lija, n'kutsikako wopanda ngakhale kankhuni kamodzi?”

Ababa anali ndi kayendedwe kawo. Sankadikira munthu, sankatembenuka. Ukawafunsa ankati wodikiridwa saphunzira njira. Koma pamphambano iliyonse ankadula ndi chikwanje nthambi yaiwisi, kawirikawiri ya msuku, n'kuigoneka mopingasa pa njira yosayenera kulowamo. Iwe wakumbuyo ukafika, ungoona: yotsekedwa uisiye, yotseguka ndiye yako. Nthambi yofota siikukhudza, imeneyo ndi ya munthu wina wa dzana. Ankati makolo athu anayenda choncho pochoka ku Mozambiki, gulu lapatsogolo kutsekera njira gulu lotsalira masiku awiri m'mbuyo, ndipo palibe anasochera kupatula amene ankadziona ochenjera.

Poti ndinali pa holide, anandilemba ntchito. Ndinali nduna yoona za otsalira. Ndinkayenda kumapeto kwa mzere, kulimbikitsa amene atha mpweya, ndipo womaliza akadutsa pamphambano ndinkatola nthambi ija n'kuitaya m'tchire, kuti isasokoneze amayi otola nkhuni. Alendo akandifunsa chimene ndimachita, ababa ankayankha ali patsogolo, osatembenuka: “Ameneyo ndi wa ku koleji. Akupuma.”

Mwina ndikanapitiriza kupuma mpaka ukalamba. Koma kumayambiriro kwa Disembala ababa anatulutsa jekete yawo yakuda m'bokosi, n'kundituma nayo kwa telala pa Njuli kuti akaisoke pachigongono. Ndinafunsa kuti kuli ukwati wa yani.

“Palibe ukwati. Ndi ya tsiku lako lolandira pepala. Ndisakachititse manyazi a Pulofesa pakati pa anzawo.”

Ndinaiyendetsa jekete ija pa kabaza nditaikumbatira pachifuwa. Telala anailandira, naitembenuza, nati nsalu zoterezi sizipezekanso. Pobwerera ndinayenda wapansi njira yonse. Ndinafika kunyumba nditatsimikiza kuti ndiwauza.

Malo ndinasankha pamwamba pa phiri. Zifukwa zinalipo ziwiri. Pamenepo ndi pokhapo pamene ndinkawaona ababa akukhala pansi n'kumwetulira popanda chifukwa. Chachiwiri, munthu amene wangokwera phiri sakhala ndi mphamvu zothamangitsira mwana wake.

Mwayi unapezeka Lachinayi. Mvula inali itagwa masiku atatu, ndipo ababa anafuna kukaona ngati njira sinagumuke alendo a Loweruka asanabwere. M'mawa umenewo tiyi anamwa theka, nati mutu ukulemera. Amayi anati, “Bwanji osangotuma mwanayu?” Ababa anati, “Ameneyu ndikam'tuma yekha akatulukira ku Zomba.” Anatenga chikwanje ndi chipewa, tinanyamuka.

Tsiku limenelo ndinauona msana wawo nthawi yaitali kuposa masiku onse. Kale ankandithawa tisanadutse minda yomaliza, koma apa tinalowa m'nkhalango ndikuwaonabe. Ndinaganiza kuti miyendo yanga yalimba. Ndinadziyamikira ndithu. Ndiye ndinachedwa dala, kuti atsogole, ine ndikonze mawu. Masuku anali atapsa, ali mbwee pansi pa mitengo, ndipo ndinkatola, kuyamwa, kulavula njere, uku ndikuyeserera. Zolankhula zanga zinali ndi malonje, mfundo zitatu, ndi mawu omaliza othokoza makolo. Pamphambano yoyamba ndinapeza nthambi pamalo pake, ndinaitola n'kuitaya. Yachiwiri chimodzimodzi.

Mphambano yachitatu ili pa mwala wong'ambika pakati. Njira yakumanzere imakwera mpaka pamwamba. Yakumanja imatsikira ku kasupe, kenako kuminda. Izi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana.

Nthambi inali pa njira yakumanzere.

Inali yaiwisi, ya msuku, utomoni ukadali wonyowa. Koma sinadulidwe bwino monga ankachitira. Inali yokhadzulidwa, khungwa likulendewera, ndipo inagona mopendekera ngati yangoponyedwa. Ndinaima pamenepo n'kuiunika nkhaniyo monga anatiphunzitsira ku koleji. Tikupita pamwamba. Njira ya pamwamba ndi iyi. Nthambi ili pa njira imeneyi. Choncho mkuluyu wasokoneza manja, ukalamba wayamba. Ndikuvomera pano kuti ndinasangalala. Ndinali nditapeza poyambira pabwino kuposa malonje aja: “Ababa, aliyense amalakwitsa, ngakhale inu.”

Ndinaidumpha. Sindinaitole, kuti pobwerera ndidzawaonetse umboni.

Pamwamba sindinapeze munthu. Ndinati apatukira kutchire, abwera. Ndinakhala pa mwala umene ankakonda kukhalapo. Kunali kowala mvula itatsuka mpweya: Mulanje uko ngati ungam'khudze, phiri la Zomba uku, madzi a Chilwa akunyezimira patali, ndipo pamsewu waukulu maminibasi akuyenda ngati nyerere zoyera. Ndinaimirira, ndinakonza kolala, n'kulankhula zonse zija kwa akhungubwe awiri amene anatera pafupi. Anamvetsera mpaka mfundo yachiwiri. Ndinabwereza, ndinasintha mawu ena. Ndinadya masuku amene ndinawasungira ababa m'thumba.

Ndinakhala pamenepo maola awiri. Ndawerengapo nthawi imeneyo kambirimbiri, kuyesa kuichepetsa, koma imakana.

Chimene chinandidzutsa sindikuchidziwa. Ndinangokumbukira khungwa lolendewera lija. Ababa ndi chikwanje m'manja sakanakhadzula nthambi chotero. Ndinatsika chothamanga, ndinadumphanso nthambi ija, n'kulowa njira ya kumanja.

Pa kasupe ndinapeza chipewa chawo ndi chikwanje, mapazi ambirimbiri m'matope, ndi mitolo inayi ya nkhuni itasiyidwa yomangamanga. Mayi wa kwathu sasiya mtolo wa nkhuni m'phiri. Nditaona mitoloyo ndinadziwa zonse.

Anandifotokozera pambuyo pake amayi a nkhuni amene anawatola ababa. Anawapeza atatsamira mwala, dzanja lamanja litagwa, pakamwa patapotoka, maso ali kunjira yochokera kumphambano. Atafuna kuwanyamula, ababa anakana ndi dzanja lamanzere, akuloza kumtunda. Amayiwo anamva mawu amodzi okha: “Akubwera.” Anadikira nawo pang'ono, kenako anawamanga m'zitenje pa mitengo iwiri n'kutsika nawo. Ndiye kuti dzanja litayamba kufa pamphambano paja, anaganiza zotsika, ndipo ndi dzanja lotsalalo anandithyolera nthambi, kuti nditsate.

Kuchipatala namwino anandifunsa uku akulemba, “Anagwa nthawi yanji? Inu munali kuti?”

“Ndinali pamwamba,” ndinatero. Analemba, osafunsanso.

Anati ndi sitiroko. Tsiku lachiwiri masana, amayi atapita kukaphika phala kumene amaphikira odikirira odwala, ndinakokera mpando pafupi ndi bedi. Malonje aja, mfundo zitatu zija, zonse zinali zitatsala kwa akhungubwe.

“Ababa, ku koleji anandichotsa. Si holide.”

Anandiyang'ana ndi diso limene linkatsegukabe bwino. Mawu ankatuluka limodzilimodzi, mbali imodzi ya pakamwa.

“Wa holide... sabwera ndi ndowa.”

“Munkadziwa?”

“Tsiku lomwelo.”

“Nanga bwanji simunanene?”

“Ndimati... ufike wekha.”

Pa bedi lapafupi wina ankatsokomola. Za jekete sindinafunse, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankandikankha kuti ndilankhule, kapena ngati pansi pa mtima ankayembekezabe kuti wailesi idzalengeza.

“Nthambi,” anatero. “Unaiona?”

“Ndinaiona.”

“Ndiye?”

“Ndinaidumpha. Ndimati mwalakwitsa.”

Chifuwa chawo chinagwedezeka. Ndinaimirira kuti ndiitane namwino, koma kunali kuseka. Msozi unatsika ku diso lakufalo.

“A Pulofesa,” anatero.

Ndinagwira dzanja lamanzere lija. M'zikhadabo munali mukadali zobiriwira za khungwa la msuku. Ndinafuna kunena kuti pepani, koma anandidula.

“Unaichotsa?”

“Iyayi.”

“Kachotse. Isokoneza anthu.”

Anamwalira mawa lake dzuwa likupendeka. Tinawaika atavala jekete ija. Telala anali ataisoka bwino, chigamba sichinkaoneka n'komwe.

Tsiku la maliro achinyamata a m'mudzi anayala nthambi zaziwisi pamsewu, uku ndi uku kwa nyumba yathu, monga timachitira kuti odutsa adziwe. A kabaza ankatsika n'kukankha njinga, amuna kuvula zipewa, galimoto kuyenda pang'onopang'ono ndi kutseka nyimbo. Ndinaima pakhomo n'kumaonerera. Anthu osawadziwa n'komwe ababa, ena mwina osatha kulemba dzina lawo, ankaona masamba pansi n'kumvera. Palibe anaima kuti aunike kaye.

Patatha mlungu, tameta, ndinakwera ndekha. Nthambi inalipobe pa mwala wong'ambika, masamba atasanduka ofiira n'kupindika. Amayi a nkhuni ankadziwa mwini wake, ndipo palibe anaikhudza. Anali atapondaponda kanjira katsopano m'udzu kuilambalala. Ndinaitola. Lamulo limati kuitaya m'tchire. Ndinaimirira nayo nthawi ndithu, kenako ndinamvera lamulo.

Tsopano amene amatsogolera alendo a Loweruka ndine. Amatsika pa Njuli pomwe paja, ndi ndodo zawo ziwiriziwiri, ndipo akandifunsa za sukulu ndimawauza kuti anandichotsa chaka chachiwiri. Ena amaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Pamphambano iliyonse ndimadula nthambi ya msuku n'kuigoneka monga ankachitira ababa. Koma ine ndimaima pomwepo mpaka womaliza afike, ndimuone ndi maso anga akulowa njira yotseguka. Alendo amati ndine woleza mtima. Ababa akanati ndikuwononga anthu.