Galimoto Yosaodira

Galimoto yamagetsi ndinaigula chifukwa cha ntchito yanga. Ndimaika mapampu a sola m'minda ya fodya kuzungulira Trelawney ndi Banket, ndipo padenga la nyumba yanga ku Chinhoyi pali mapanelo okwanira kudzaza batire lake dzuwa lisanalowe. Inachokera ku Japan itayendapo kale. Ndi yoyera, ya zitseko zinayi, yotsika mimba, moti m'misewu ya m'mapulazi ndimaiyendetsa ngati munthu wosenza mtsuko wodzaza. Wondigulitsayo anandifotokozera zambiri za batire. Za kukhala chete kwake sananene kanthu.

Isanabwere imeneyi ndinali ndi pikapu yakale yobooka paipi ya utsi. Bambo anga ankaimva ndikadali pamlatho, kutali ndi komboni, ndipo ankauza mlongo wanga kuti, "Ika madzi pamoto, wamng'ono uja akubwera." Ndikamafika ndinkapeza mpando uli kale panja.

Bambo anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzafuna ntchito m'dziko la eni lino, ndipo moyo wawo wonse anawotcha fodya m'mabalani a pulazi imodzi. Pulaziyo itagawidwa anatsala m'komboni momwemo pamodzi ndi mlongo wanga, amene amadalira maricho, ganyu wa m'minda ya eni atsopano. Maso a bambo anafa pang'onopang'ono, koma makutu anatsala akuthwa. Ankakhala pansi pa mtengo wa mabulosi tsiku lonse, n'kumatchula galimoto iliyonse yodutsa kumsewu: iyo ndi lole ya nkhuni, iyo ndi ya abusa, iyo yanyamula mopitirira.

Amuna tinabadwa awiri. Mkulu wanga ankayendetsa thirakitala ya pulazi. Tsiku lina inagubuduka naye pakhoma la damu ikukoka ngolo ya nkhuni, ndipo inamuthyola msana. Anamwalira asanafike naye kukiliniki. Anthu ankati iye ndi ine mawu athu ndi amodzi. Ngakhale amayi, ali moyo, ankatisokoneza tikamalankhula kuseri kwa nyumba.

Chaka chimene ndinagula galimotoyo bambo anali ndi chilonda kuphazi chimene sichinkapola chifukwa cha matenda a shuga. Namwino wa pakiliniki anauza mlongo wanga mosabisa kuti akapanda kupita kuchipatala chachikulu ku Chinhoyi, chilondacho chikwera mwendo, kenako chiwatenga. Ndinapita kukomboni kangapo ndi pikapu ija kukawachonderera. Yankho linali limodzi.

"Anzanga onse amene anapita kumeneko anabwerera m'bokosi. Ine ndifera pano, pafupi ndi amayi ako."

Ulendo woyamba wopita kukomboni ndi galimoto yatsopano unali Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Ndinawoloka mlatho. Ndinadutsa mabalani, amene tsopano alibe madenga. Pofika panyumba zoyamba ndinaona chinthu chimene sindinachionepo. Nkhuku zinapitiriza kupalasa pakati pa msewu. Galu wogona m'njira ya matayala sanadzutse ngakhale khutu, ndipo ndinachita kumulambalala. Amayi anayi anali pamjigo atafulatira msewu, ndipo palibe anatembenuka. Ndinkadutsa pakati pa anthu amene ndinakula nawo ngati sindilipo. Gogo mmodzi yekha, amene ankasoka thumba pakhonde, ndiye anatukula mutu. Ataona nkhope yanga ikuyandama kuseri kwa galasi, anagwira pakamwa, thumba n'kugwa.

Kwathu munthu salowa pakhomo osaodira. Wolowa mwakachetechete ndi mbala, mfiti, kapena wakufa. Zaka zonsezo injini ndiyo inkandiodirira, mpaka ndinaiwala kuti imeneyo ndi ntchito ya pakamwa panga. Ndinaimitsa galimoto pafupi ndi mtengo wa mabulosi, ndinatsika pamchenga wofewa, ndipo ndinaima pambali pa mpando wawo.

"Bambo," ndinatero.

Sanadzidzimuke. Manja awo anakhalabe pamawondo. Kenako anati, "Wabwera."

"Ndabwera."

"Msana wako unachira?"

Ndinati, "Ndine wamng'ono, bambo. Ndachokera ku Chinhoyi."

"Wamng'ono amamveka ali pamlatho."

"Ndagula galimoto ina. Iyi ndi yamagetsi, ilibe phokoso."

Anandipatsa dzanja kuti ndiwadzutse. Anatsimphina masitepe ochepa mpaka mawondo awo anakhudza galimoto. Anaisisita mbali, napapasa mpaka kutsogolo, naika chikhatho chonse paboneti. Anachisiya pamenepo nthawi yaitali. Kenako anawerama n'kununkhiza.

"Ku Chinhoyi ndi kutali," anatero. "Galimoto yochokera kumeneko imafika ikupuma moto, ikununkha mafuta. Iyi yangofunda ndi dzuwa pamwamba pokha. M'kati mwake mulibe moto." Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva nkhani imene ankaiyembekezera. "Chabwino. Ngati akutuma kudzanditenga, tiye."

Mlongo wanga anali atatuluka m'kitchini, ndipo zonse anazimva. Anandikokera kuseri kwa nyumba. Iye akavutika mtima amasakaniza ndi Chishona.

"Achimwene, musawatsutse. Akufuna kukwera. Regai vakwire, asiyeni akwere."

"Akuyesa ndine malemu."

"Ayese chilichonse. Phazi lija mwaliona? Layamba kuda. Mukawauza zoona akhala pansi, ndipo sadzukanso. Inu mudzabwerera ku Chinhoyi kwanuko, wotsala ndi fungolo ndine."

Ndinabwerera kwa bambo osawatsutsanso. Kumeneko kunali kuvomera.

Bambo anavala jekete lawo lopita nalo kutchalitchi ndi chipewa. Anauza mlongo wanga kuti nkhuku zonse ndi zake, ndi kuti nkhwangwa abweze kwa mwini wake. Sanalire, sanafulumire. Anapempha bulangete limodzi ndi kapu yawo yachitsulo. Mlongo wanga anazimanga m'chitenje pamodzi ndi khadi la kukiliniki, ndipo ineyo ndi manja anga ndinaika mtolowo m'buti. Pampando wakumbuyo panalibe kanthu. Izi ndikuzinena chifukwa cha zimene zinatsatira.

Ndinawakhazika kutsogolo, n'kuwamanga lamba. Ananditsitsitsa galasi. Anthu anali atasonkhana chapatali, koma palibe anayandikira kudzatsanzika. Tinanyamuka popanda chilichonse chosonyeza kuti tanyamuka.

Msewu umenewo ndinauyenda kuyambira ndili mwana, pathirakitala, palole, papikapu, koma ndinali ndisanaumvepo. Timiyala tinkaphwanyika pansi pa matayala. Nyenje zinkalira m'mitengo mbali zonse. Kumabalani chitsulo china chotsalira chinkagogoda khoma, ngakhale kunalibe mphepo yoti munthu n'kuimva. Bambo ankatchula malo.

"Apa ndi pabalani lachitatu. Linkavuta kugwira moto." Patapita kanthawi: "Apa ndi pamanda. Chepetsa." Anavula chipewa mpaka tinadutsa.

Kenako anayamba kundifunsa.

"Kumeneko mvula imagwa?"

Ndinagwira chiwongolero mwamphamvu. "Imagwa."

"Amayi ako akadali ndi chifuwa chija?"

"Chinatha."

"Ayi, zili bwino." Anamwetulira. "Nanga amalankhula chiyani kumeneko? Chathu, kapena cha kuno?"

"Chathu, bambo."

M'galimoto yopanda injini mawu a munthu amamveka onse. Anga ndinawamva akutuluka, ndipo sanandikondweretse. Anali a mkulu wanga ndithu.

Njira yachidule yopita kumsewu wa tala imadutsa pamwamba pa khoma la damu. Ndi yopapatiza, yokwana galimoto imodzi, ndipo pakati pake pali maenje. Madzi anali atatsika kwambiri, matope atang'ambikang'ambika. Ndinachepetsa liwiro mpaka kufanana ndi munthu woyenda pansi. Titafika pamene khoma limakhota, pamalo amene thirakitala ija inagwera, galimoto inalira kabelu.

Ndinayang'ana kutsogolo kwa chiwongolero. Pali kachithunzi kosonyeza mipando, ndipo munthu akakhala osamanga lamba, mpando wakewo umayaka mofiira. Umene unayaka unali wakumbuyo, kumanzere, kuseri kwa bambo. Ndinayang'ana pagalasi loonera kumbuyo. Mpandowo unali wopanda kanthu, dzuwa likuwala pansalu yake.

Bambo anapendeketsa mutu. Anapapasa pansi pa mpando wawo.

"Ichi chimasuntha bwanji? Ndikankhire kutsogolo pang'ono. Miyendo yake ndi yaitali."

Ndinatambasula dzanja n'kuwakankhira mpando. Sindikudziwa chifukwa chimene ndinachitira zimenezo. Ndinangochita.

Kuyambira pamenepo sanandifunsenso kanthu. Ankalankhula atatembenuzira nkhope kumbuyo, motsitsa mawu, kenako n'kukhala chete ngati munthu amene akumvetsera yankho. Zambiri sindinazimve. Ndinamva akuti, "Nkhuni zimene zija zinali zaziwisi, ndinawauza." Nthawi ina anaseka, kuseka kwenikweni, kumene ndinali nditakuiwala. Kabeluko kankalira n'kusiya, n'kuyambiranso. Ine ndinkangoyang'ana msewu. Pagalasi lija sindinayang'anenso.

Matayala akutsogolo atangokwera patala, kabelu kanasiya. Chofiira chija chinazima.

Ndinapatukira pambali, pansi pa mitengo ya bulugamu, n'kuima. Ndinaganiza za zimene mlongo wanga ananena, ndipo ndinadziwa kuti akunena zoona. Koma ndinaganizanso za bambo akufika pachipata cha chipatala atavala jekete lawo, akuyembekeza kumva mawu a amayi, m'malo mwake n'kumva fungo la mankhwala ndi anthu achilendo akuwavula nsapato. Kumeneko sindikanatha kuwafikitsa mwa njira imeneyo, ngakhale zikanatanthauza kubwerera nawo kukomboni.

Ndinatenga dzanja lawo n'kuliika pakhosi panga, pamene mtsempha umagunda.

"Bambo, ndine wamng'ono. Ndili moyo. Zija ndimayankha zija sindikuzidziwa, ndimangonena. Msewu uwu ukupita ku Chinhoyi, kuchipatala. Mukakana, nditembenuza galimoto pompano."

Anasiya dzanjalo pamenepo kanthawi. Lole ya fodya inadutsa, galimoto yathu n'kugwedezeka ndi mphepo yake.

"Ndakudziwa kale, iwe," anatero. "Ndakudziwira padamu. Mkulu wako sankaopa maenje chonchi. Iwe umayendetsa ngati nkhalamba."

"Nanga mumalankhula ndi yani?"

"Watsika. Akuti patala sapita."

Ndinafunsa, "Wanena chiyani?"

Bambo anavala chipewa chawo bwinobwino. "Akuti malo sanakonzeke. Akuti ndipite kaye ndi wamng'onoyu akandione phazi." Anapumira m'mwamba, ndipo ndinaona kuti nkhaniyo sinawasangalatse. "Tiye, usanditayitse nthawi. Ndipo uliza hutala tikamalowa. Sitingalowe kwa eni ake ngati mfiti."

Pachipata cha chipatala ndinaliza hutala. Mlonda anandiyang'ana mokwiya, poti chipata chinali chotsekula kale.

Madokotala anadula zala ziwiri, mwendo unatsala. Bambo anakhala kwanga mpaka bala litapola, kenako anaumirira kubwerera kukomboni, ndipo anadyanso chimanga chachiwisi zaka ziwiri. Nkhuku zija anazilandanso kwa mlongo wanga.

Ndinapita ndi galimoto kwa makanika wodziwa zamagetsi. Anati pansi pa nsalu ya mpando pali kachipangizo komva kulemera, ndipo fumbi ndi mabampu zimakasokoneza. Anati akhoza kukasintha tsiku lomwelo. Ndinamuuza kuti ndidzabweranso. Sindinapiteko. Ndimakhulupirira zimene ananena, poti nanenso ntchito yanga ndi ya mawaya, ndipo ndikudziwa zimene fumbi limachita. Koma padamu paja ndadutsapo kambirimbiri chichitikireni zimenezo, m'fumbi lomwelo ndi maenje omwewo, ndipo kabeluko sikanalirenso.

Kuyambira tsiku limenelo ndikamapita kukomboni ndinkaliza hutala pamlatho, n'kulizanso pamabalani. Ndikafika ndinkatsika chapatali, n'kuima kunja kwa bwalo, n'kuodira ndi pakamwa panga.

"Odi, bambo."

"Lowa, wamng'ono."

Koma sankaitana mlongo wanga nthawi yomweyo. Ankayamba apendeketsa mutu kuloza kugalimoto, n'kudikira ngati kuti chitseko china chitsekuka. Ine ndinkaima pomwepo, n'kudikira nawo. Kenako ankati, "Ika madzi pamoto. Wabwera yekha."