Khoma limene ndinamanga kwa a Zimba

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha buku. A Goma, mmisiri womanga nyumba pa boma la Chama, anandipeza pamsika ndikuwerenga buku lopanda chikuto lonena za mabwalo a nyumba. Anati munthu wowerenga sangasokoneze tepi yoyezera, nanditenga. Sanadziwe kuti bukulo linalembedwera kudziko lozizira. Inenso sindinadziwe.

Anandisiya ndekha kwa a Sista Zimba, namwino wa kuchipatala, iwo n'kupita ku Tembwe. Amuna a Sista anadwala sitiroko. Sankayenda, ndipo mawu ankatuluka movutika. Mu Okutobala m'nyumba ya malata simukhalika, choncho pankafunika malo apanja oti bamboyo azitsalapo masana.

Buku linati tchinga mphepo. Ndinakoka chingwe, kuyeza ndi levulo, n'kumanga khoma la njerwa kummawa, kumene mphepo yathu imachokera. Pansi ndinathira simenti, pamwamba malata ofika m'mutu. Ndinanyada ndithu.

Tsiku loyamba lomwe, a Sista pobwera anapeza amuna awo ali chinyowere ndi thukuta, milomo gwaa, atalephera kukankha njinga yawo ya olumala kuti achokepo. Sanandikalipire. M'mawa mwake anandiikira mpando pomwepo.

"Manje khalani apa, a injiniya, mpaka ndiweruke. Osasuntha."

Pofika masana malata anayamba kuthetheka. Simenti inkandiotcha kudutsa patapata. Mpweya unangoima, ngati ndavala thumba kumutu. Geti linali lotsegula, koma ndikanatuluka bwanji, a Zimba akundiyang'ana ali pakhomo? Ine ndinali ndi miyendo. Iwo dzulo analibe pothawira.

Dzuwa litapendeka anakweza dzanja lawo labwinolo n'kuloza. Ndinasuzumira. Galu wawo anali atagona kuseri kwa khoma langa, padothi, mphepo ikumuuluza ubweya.

"Uyo," anatero pang'onopang'ono, "sanawerenge."

A Goma atabwera sanagwetse khomalo. Anandipatsa tchizulo ndi hamala kuti ndizichotsa njerwa imodzi n'kusiya ina, mpaka khoma lonse linali mabowo. Denga tinalikweza, tinayala mphasa za bango pansi pa malata. Madzulo ake a Zimba anagona tulo pamenepo, galu ali kumapazi.

Mabuku ndimawerengabe, matendawo sachiritsika. Koma ndisanakoke chingwe pabwalo la munthu, ndimapempha mpando, n'kukhala pamalopo dzuwa lili paliwombo. Eni nyumba akadabwa, ndimangofunsa kumene galu wawo amagona.