A Dunstan ndi Chilankhulo Chopanda Abale

A Dunstan Namathanga ndinawadziwira ku mapemphero a Amalawi amene timachita ku Karen, mu Nairobi muno, kamodzi pa mwezi, ndipo tsiku loyamba lomwelo anandinyansa. Ife tikukamba za mvula ya kumudzi, iwo anali pakona okhaokha, lilime atalikanikiza kumwamba, akutulutsa mpweya m'mbali mwa mano ngati tsekwe wolusa. Ndinawafunsa ngati munga wa nsomba wawakola.

"Ayi achemwali," anatero. "Ndikuyeserera liwu lina la Chiatakapa. Likundikanika."

Anali munthu wa ku Mulanje, wamfupi, wa zaka makumi anayi ndi mphambu, wosakwatira. M'mawa ankamasulira timapepala ta zaumoyo ku bungwe lina, masana ankaphunzira za zilankhulo pa yunivesite ina m'tauni. Ankakhala ku Kangemi, m'chipinda chimodzi chodzaza mapepala. Ine ndine Lenah, mlembi pa ofesi ina, ndimakhala ku Kitengela, ndipo anthu amati ndili ndi pakamwa. Sindikana.

Chiatakapacho, monga anandifotokozera ndisanawapemphe, chinali chilankhulo cha anthu ena a ku Amereka, a m'madambo a m'mbali mwa nyanja ku Louisiana ndi Texas. Ochilankhula anatha zaka pafupifupi zana zapitazo. Chinatsala ndi mawu olembedwa papepala, ambiri mwa iwo ochokera pakamwa pa amayi awiri okha.

"Zilankhulo zonse zili mu Nairobi muno," ndinawauza, "inu kukatola cha akufa? Chilomwe chanu chomwe simuchitha."

Sanakwiye. A Dunstan ukawanyoza ankangomwetulira n'kupitiriza phunziro. Anati mavawelo ake ndi asanu ngati athu, ndipo chili ndi liwu lija la ng' la mu ng'ombe. Anandiwerengera: tanuk, tsik, lat, ndiye kuti chimodzi, ziwiri, zitatu. Madzi ndi kakau, galu ndi shul. Mawu amenewa ndinawaloweza mosafuna, chifukwa ankawabwereza paliponse pamene takumana, ngakhale m'matatu, maminibasi a kuno.

Chimene chinkawakoka mtima kwenikweni n'chakuti chilankhulocho chilibe abale. Akatswiri anayesa kuchilumikiza ndi zilankhulo zoyandikana nacho, koma umboni wake sunakhutiritse onse.

"Chichewa chili ndi abale mpaka kuno," ankatero. "Mswahili akati maji, ife madzi, tamvana. Ichi ayi. Chinangoima chokha, chinafanso chokha."

Tsiku lina anandiuza za dzina. Akuti Atakapa si dzina limene eni ake ankadzitcha. Anawapatsa ndi a mtundu wina woyandikana nawo, ndipo tanthauzo lake ndi odya anthu. Eni ake ankadzitcha Ishak, kutanthauza anthu, basi. Ponena izi kumwetulira kuja kunachoka, ndipo ndi tsiku limenelo pamene ndinamva za mkulu wawo, Petro.

Chinali chaka chija cha mphekesera za anamapopa, pamene midzi ya kumwera inkagona ndi zibonga, ikukhulupirira kuti kuli anthu opopa anzawo magazi. Petro anali wa kabaza wa njinga yamoto. Njinga inamuthera mafuta m'mudzi umene sankadziwika, ndipo m'chikwama chake anthu anapezamo kapaipi kopopera petulo. Anamutcha namapopa. Anamuswa mutu ndi njerwa, n'kumuotcha pamodzi ndi njinga yake, dzuwa likuswa mtengo.

"Anamupha," anatero a Dunstan. "Mwachimva Chichewa chathu, achemwali? A-na-mu-pha. Wakuphayo ndi ka 'a' kakutsogoloko. Kangakhale munthu mmodzi wolemekezeka, kangakhale mudzi wonse, kadutsa kale musanakamve. Mu Chiatakapa wochitiridwa ndiye amakhala kutsogolo kwa mneni, ochitawo amabwera kumapeto, ngati dzina pansi pa kalata."

Ndinawamvera chisoni, koma ndinaonanso kuti nkhaniyo ankaidula pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Sindinafunse. Pakamwa panga pamadziwanso malire.

Loweruka lina m'mwezi wa Febuluwale ndinapita ku Kangemi kukatenga nandolo amene mlongo wawo anawatumizira kuchokera ku Mulanje. Kunkatentha koopsa. Cha m'ma 12 koloko anandiperekeza kukakwera matatu pa msewu wa Waiyaki Way, ine nandolo kumanja, chikwama paphewa. Tikudutsa pamsika tinamva mfuu: "Mwizi! Mwizi!" Wakuba.

Mu Nairobi ukamva mawu amenewo umayang'ana kumbali n'kufulumiza miyendo. Ndinawakoka malaya a Dunstan. Sanasunthe.

Munthuyo anamugwetsera pakati pa mabenchi a tomato. Anali bambo wamtali, woonda kwambiri, wopanda nsapato, milomo itang'ambika ndi kuuma. Akuti anamuona akudumpha mpanda wa nyumba ina. M'manja analibe kanthu. Wina anamumenya ndi thabwa pamsana, thabwalo linathyoka. Wina anamuponda dzanja ndi jombo mpaka ndinamva zala zikulira. Mayi wina wovala bwinobwino, Baibulo kukhwapa, anatola mwala n'kumugenda nawo kumaso. Diso linatupa pomwepo.

Bambo wina wogulitsa nyama, epuloni ili magazi a ng'ombe, ndiye anadziika kukhala woweruza. Anamugwira tsitsi n'kumufunsa m'Chiswahili kuti kwawo n'kuti, abale ake ndani. Anafunsanso m'Chingerezi. Ena anayesa zilankhulo zawo. Munthuyo ankangoti, "Wo'o, wo'o." Anthu anaseka, wina n'kumuyeserera kulirako. Kenako ndinaona tayala likugubuduzidwa kuchokera kwa okonza magalimoto, ndipo wa bodaboda wina, akabaza a kuno, anali atagwada pa njinga yake, akupopa petulo ndi kapaipi.

A Dunstan anayang'ana kapaipiko. Anandipatsa magalasi awo.

"Musapenge inu," ndinatero. "Achimwene, tiyeni tizipita. Si wathu ameneyu."

Anali atapita kale. Kamunthu kafupi kaja kanabowola gulu lonse ndi zigongono, kanakagwada pansi n'kumukumbatira munthuyo mutu.

"Huyu ni ndugu yangu!" anakuwa. Ameneyu ndi m'bale wanga.

Zibonga zinaima m'mwamba. Wogulitsa nyama uja anawayang'ana awiriwo, wina wamtali woyererako, wina wamfupi wakuda bii. Anati ngati ndi m'bale wako, lankhula naye timve.

A Dunstan ankadziwa Chichewa, Chingerezi, Chiswahili, koma ziwirizo zinali zitakanika kale, Chichewa nacho sichikanathandiza. Kenako anamuyang'ana munthuyo m'maso n'kuyamba, mofatsa, ngati akumufunsa za kumudzi: "Ishak. Tanuk, tsik, lat. Kakau. Shul."

Chilankhulo chimene chinatha zaka zana zapitazo kutsidya kwa nyanja chinamveka pamsika wa Kangemi, pakati pa tomato woswekasweka. Munthu uja anawagwira mkono ndi dzanja lake labwino, n'kuyankha, "Wo'o." Ndikulumbira, panatsala pang'ono kuti zitheke. Ndinaona amayi awiri akutaya miyala.

Ndiye wina kumbuyo anakuwa kuti onsewo ndi amodzi, akupangana. Theka la njerwa linawapeza a Dunstan pakamwa. Anagwa chafufumimba pamwamba pa munthuyo, ndipo sanachokepo. Ankawamenya ndi matabwa, ndi ndodo, ndi chitsulo cha benchi, kuti asiye, iwo ali gwa. Ankawakoka miyendo, ankakokeka onse awiri. Petulo anawathira onse awiri.

Ine zimene ndinachita sindinyadira nazo, koma sindizibisanso. Amene anatulutsa machesi ndinamumenya ndi thumba la nandolo kukhutu mpaka thumba linaphulika, ndipo ndinamutukwana m'Chichewa mawu amene mayi anga sanandiphunzitse. Wina anandiwomba mbama, ndinagwa. Ndili pansi ndinamva mfuti kawiri. Apolisi anawombera m'mwamba, gulu linabalalika, ndipo posakhalitsa aliyense anali pa benchi yake akugulitsa.

Anatikweza kumbuyo kwa galimoto ya apolisi. A Dunstan mano anayi anali atachoka, nthiti zitathyoka, kukamwa kuli magazi okhaokha. Ndinatulutsa botolo la madzi m'chikwama n'kuyamba kuwatsuka kumaso. Munthu uja anagona pafupi ndi mapazi anga, akundiyang'ana ndi diso limodzi lotsalalo. "Wo'o," anatero, motsitsa.

"Si kulira uku," a Dunstan anayankhula movutikira. "Mvetserani, pakati pakuduka. Ndi mawu."

"Khalani chete, mukutaya magazi," ndinawakalipira, n'kuwatsanulira madzi otsalawo pamutu kuti petulo achoke.

Munthuyo anamwalira titangolowa pachipata cha chipatala. Namwino atabwera ndi fomu kufunsa ngati pali wachibale, a Dunstan anakweza dzanja. Dzina la womwalirayo sankalidziwa, koma pa mzere wa chibale analemba okha kuti m'bale. Apolisi anadzatiuza kuti m'nyumba ija anapezamo anthu ena ambiri a ku Ethiopia, otsekeredwa masiku angapo ndi amene analonjeza kuwapititsa ku Joni. Uyu anadumpha mpanda pothawa.

Tsiku lachitatu ndinawapititsira phala kuchipatala. Anadya masipuni awiri n'kukankha mbale.

"Achemwali, nkhani ya Petro ija sindimaimaliza. Ndinalipo. Anandinyamula ine tsiku limenelo. Ndinapita kukafuna mafuta, pobwera ndinapeza amuzungulira. Wina anandifunsa ngati ndikumudziwa." Anagwira panthiti pamene pankawapweteka. "Ndiike wochita kumapeto. Amene anamukana ndi ine."

Ndinangowagwira phazi, tinalira tonse, odwala ena akutiyang'ana.

Munthu uja anaikidwa ku manda a Lang'ata. Operekeza tinali anayi, awiri mwa ife okumba manda. A Dunstan anachira, ngakhale amayenda chopendekera. Liwu lija linkawakanika tsopano amalitchula bwinobwino, mpweya umangodutsa pamene panali mano. Anandionetsa akuseka, ine sindinaseke.

Patatha miyezi iwiri anandiimbira foni ndili ku ofesi. Anati ku yunivesite kwabwera wophunzira wa kummwera kwa Ethiopia, ndipo amutchulira mawu aja a womwalirayo monga momwe anawamvera, ndi kuduka kwake kwa pakati. Wophunzirayo anawazindikira nthawi yomweyo. Ndi Chihadiya, chilankhulo cha anthu oposa miliyoni, chokhala ndi abale ambirimbiri.

"Ndiye ankati chiyani?" ndinafunsa. Mumtima ndinkayembekeza kuti ankati m'bale wanga, kapena ankaitana Mulungu.

"Madzi," anatero a Dunstan. "Ankapempha madzi."

Ndinakumbukira diso lija. Silinkayang'ana ine, linkayang'ana botolo limene linali m'manja mwanga.

Loweruka lotsatira tinakumana ku Lang'ata osapangana zambiri. A Dunstan anabwera ndi chigubu cha malita asanu, ine ndi botolo lomwe lija. Dothi la pamanda pake linali louma, linamwa madzi onse.